Momwe mungadziwire muscle car yeniyeni ndi yachinyengo, komanso chiphunzitso choona ndi chabodza

Ife okonda ma muscle car, magalimoto akale a ku America a mainjini akuluakulu amphamvu, tili ndi vuto limodzi, injini ya masilinda 8 yotchedwa V8 ikangolira pafupi nafe mtima umathamanga mutu nkutsalira m'mbuyo, ndipo anthu ambiri aberedwa ndalama zawo pa nthawi imeneyoyo. Nde ndati ndilembe momwe mungafufuzire galimoto yotereyi musanatulutse ndalama, komanso poti ndine mkhristu ndipo zimandipweteka kuona abale akulandira ziphunzitso zabodza mwanjira yomweyi, nkhani ziwirizi ndiziyendetsa limodzi.

Yambani mwaidziwa yeniyeniyo musanapite kukaona imene ikugulitsidwayo. Ambiri amati zonse zinayamba mu 1964 pomwe John DeLorean ndi anzake ku kampani ya Pontiac anatenga galimoto yapakatikati, Tempest LeMans, nkuikamo chiinjini cha 389 (nambalayi ndi kukula kwa injini) chotulutsa 325 horsepower, cha makabuleta atatu chija cha Tri-Power chinkafika 348, nkuitcha GTO. Chaka chimenecho anagulitsa 32,450, makampani ena ataona choncho anathamangira komweko, kunabwera Chevelle SS, Oldsmobile 442, Dodge Charger R/T, Plymouth Road Runner, Mustang Boss 429 ndi zina zambiri. Pachimake panali mu 1970, Chevelle ya Chevrolet ya injini yotchedwa LS6 454 inalembedwa 450 horsepower pomwe injini ya 426 Hemi ya Chrysler, eni ake a Dodge ndi Plymouth, inali 425. Kenako zinazilala mwachangu, a inshuwalansi anakwezera mitengo anyamata oyendetsa magalimotowa, lamulo la Clean Air Act la 1970 linakhwimitsa nkhani ya utsi, mu 1971 General Motors (GM), eni ake a Pontiac ndi Chevrolet, inatsitsa compression, kapanikizidwe ka mpweya ndi petulo m'mainjini ake, kuti aziyendera petulo wopanda mtovu, vuto la mafuta la 1973 nkudzamalizitsa. Nyengo yonseyo ndi ya zaka pafupifupi 10 basi, ndipo zamphamvu kwambiri zija anazipanga zochepa. Ma Plymouth Hemi 'Cuda a 1971 otsegula pamwamba sanapose 12, imodzi inagulidwa $3.5 miliyoni pa okushoni ya Mecum ku Seattle mu 2014.

Pamene pali ndalama zotere achinyengo sasowa. Munthu amangotenga LeMans wamba, kuipenta bwino, kusintha boneti, kumata mabaji a GTO, yatha. Akanena poyera kuti iyi ndi clone, yongofanizira yeniyeni, palibe cholakwika, ambiri amazikonda ndipo mtengo wake ndi wotsika, tchimo lili pomwe akukuuzani kuti inatuluka choncho ku fakitale.

Mukafika pa galimotoyo musayambe nkuiliza, yambani ndi VIN, nambala ya galimoto ija. Kuyambira 1968 imakhala pa dashibodi mumaionera pa galasi lakutsogolo, ndipo musayembekezere zilembo 17 ngati za masiku ano, zimenezo zinayamba mu 1981, za GM ndi Chrysler za nthawi imeneyo zili ndi 13. GTO ya 1966 mpaka 1971 nambala yake imayamba ndi 242. Kwa Dodge ndi Plymouth chilembo chachisanu ndiye chimanena injini, mu 1970 ndi 1971 R ndi Hemi, V ndi 440 ya makabuleta atatu, nde mukapeza G, yomwe ndi 318, koma pambali palembedwa Hemi, mwadziwa kale zomwe zachitika. Onaninso timisomali togwira kachitsuloko ngati tikuoneka kuti tinachotsedwapo.

Koma VIN siinena zonse ayi. GTO ya 1964 ndi 1965 inali zowonjezera chabe pa LeMans kotero nambala yake ndi ya LeMans, ndipo Chevelle SS ya 1970 nayo VIN siikuuzani kuti ndi SS kapena kuti ndi LS6, nchifukwa chake ndi imodzi mwa magalimoto amene amapangidwa mwachinyengo kwambiri. Apa pofunika mapepala a ku fakitale. Za Pontiac mumaitanitsa ku PHS, kampani yosunga mapepala akale a Pontiac, za Ford zoyambira 1967 pali lipoti la momwe galimoto inatulukira ku fakitale lotchedwa Marti Report, za Chrysler pali kachitsulo ka manambala kotchedwa fender tag pansi pa boneti ndi pepala lotchedwa broadcast sheet, za Chevrolet mumadalira build sheet, kapepala kamene ogwira ntchito ku fakitale ankakasiya pansi pa mpando kapena pamwamba pa thanki ya mafuta.

Zimenezi ndi zomwe anthu a ku Bereya ankachita pa Machitidwe 17:11. Ankamvetsera mwachidwi, koma tsiku lililonse ankafufuza m'Malemba kuti aone ngati zinalidi choncho, ndipo amene ankamufufuzayo anali Paulo mwini wake, Luka nkuwayamikira chifukwa cha zimenezo. Nde palibe mlaliki amene ali wamkulu moti simungamufufuze. Kachitidwe kake nkosavuta: mu ulaliki lembani mavesi onse amene atchulidwa, mukafika kunyumba werengani chaputala chonse osati vesi lokhalo, mudzifunse kuti akulankhula ndani, akuuza ndani, chinkachitika nchiyani. Yeremiya 29:11 anthu amaikonda kwambiri ngati lonjezo loti zinthu ziyenda chaka chino, koma vesi 10 ikunena kuti anthuwo akhala ku Babulo zaka 70 kaye. Afilipi 4:13 Paulo analemba ali m'ndende, ndipo vesi 12 akukamba za kudziwa kukhala ndi njala komanso kukhuta, sakukamba zopambana mayeso kapena bizinesi.

Tsopano tsegulani boneti. Mawu oti numbers matching amene mumawaona pa malonda aja akutanthauza kuti injini ndi giya bokosi ndi zomwe galimotoyo inatuluka nazo, ndipo umboni wake ndi gawo la VIN lomwe linadindidwa pa buloko ya injini. Camaro Z/28 ya 1969 injini yake ya 302 imakhala ndi chidindo cha DZ. Vuto ndi loti akatswiri achinyengo amapala pamalopo nkudinda manambala atsopano, ndiye tengani tochi muyang'anitsitse, ku fakitale makina ankasiya timizere tating'ono towongoka pa chitsulocho ndipo pomwe papalidwa kawirikawiri timizereto timasowa kapena timakhala tozungulira. Onaninso deti lomwe buloko inaumbidwa, liyenera kukhala la m'mbuyo pang'ono kuposa tsiku lomwe galimoto inamangidwa. Injini singabadwe galimoto itatuluka kale.

Monga chidindo pa injini, kupezeka kwa vesi pakamwa pa munthu si umboni. Pa Mateyu 4:6 Satana anatchula Salimo 91 kwa Yesu, mawu ake anali a m'Malemba ndithu koma anawapotoza, Yesu nkumuyankha ndi lemba lina. Ndiye fufuzani pakatikati penipeni pa chiphunzitsocho: akuti Yesu ndi ndani, anabweradi m'thupi monga 1 Yohane 4:2 ikunenera, anafa nkuuka, ndipo munthu amapulumuka ndi chisomo mwa chikhulupiriro kapena pali china chimene muyenera kugula, kuvala kapena kulipira. Paulo pa Agalatiya 1:8 anafika ponena kuti ngakhale mngelo wochokera kumwamba atabwera ndi uthenga wina akhale wotembereredwa. Zambiri zimene zimatchedwa vumbulutso latsopano ndi zakalekale, zoti Yesu ndi wolengedwa anaphunzitsa Arius ndipo msonkhano wa ku Nicaea unazikana mu 325, koma mpaka lero zikumabwerabe ndi dzina lina.

Za maulosi a madeti sindichedwapo. William Miller ndi omutsatira anadikira kubweranso kwa Yesu pa 22 Okutobala 1844, Harold Camping analengeza kuti tsiku la chiweruzo ndi 21 Meyi 2011 kenako nkusunthira ku Okutobala chaka chomwecho. Deuteronomo 18:22 ndi Mateyu 24:36 zikukwanirani pa nkhani imeneyi.

Kenako lowani pansi pa galimoto, ndipo apa ambiri amachita ulesi chifukwa pamwamba pakuwala. Tengani kamaginito mukakulunge pa kansalu kuti kasakale penti, muziyendetsa m'munsi mwa zitseko, kumbuyo kwa matayala ndi m'mphepete mwa galasi lakumbuyo, pomwe sikakugwira ndiye kuti pali phala lomatira lobisa dzimbiri. Tukulani kapeti wa mu buti, gogodani chasisi, makamaka ngati galimotoyo inakhala ku madera ngati Michigan kapena Ohio komwe amathira mchere m'misewu nthawi ya chipale. Mpingonso muziuona pansi, Yesu pa Mateyu 7:15-20 anati aneneri onyenga amabwera atavala ngati nkhosa ndipo tidzawadziwa ndi zipatso, ndipo zipatso sizioneka pa guwa, zimaoneka pa momwe ndalama za mpingo zimayendera komanso ngati pali wina amene amaziwerengera, momwe mtsogoleri amachitira munthu akamufunsa funso lovuta, ngati pali akulu amene angamudzudzule iye nkumva, ngati akukulekanitsani ndi abale anu. 2 Petro 2:3 ikunena za aphunzitsi adyera odyera anthu masuku pamutu ndi mawu opeka. Jim Jones anayambira ku Indianapolis ndi mpingo wodyetsa osauka komanso wosasankha mtundu, anthu abwino ndithu anakopeka, koma pang'onopang'ono kumufunsa kunakhala mlandu, ndipo pa 18 Novembala 1978 anthu oposa 900 anafera ku Jonestown ku Guyana.

Pomwe ndikufuna muchenjere kwambiri ndi pa mtima wanu womwe. Wogulitsa wochenjera sagulitsa chitsulo, amagulitsa chikumbutso cha masiku akale aja, amakuuzani kuti mwini wake anali mmodzi, inangokhala mu shedi zaka 40, amakutsegulirani chitseko kuti mumve fungo la mipando yakale, inu maso nkuyamba kulengeza misozi ndipo manambala aja mwaiwala. Timaiwalanso kuti ambiri mwa magalimotowa anali ndi mabuleki a drum, matayala osagwira bwino msewu, petulo wa mtovu, pakona ankavuta, ndipo magalimoto ambiri a masiku ano amawasiya kutali pa liwiro. Ine ndimawakondabe kwambiri, koma kuwakonda sikutanthauza kuti ndiziwanamizira. Aisraeli pa Numeri 11:5 anakumbukira nsomba, nkhaka ndi anyezi za ku Igupto koma ukapolo sanautchule, ndipo Mlaliki 7:10 akuti si nzeru kumafunsa kuti bwanji masiku akale anali abwino kuposa ano. Mphunzitsi wabodza amadziwa zimenezi, amaimbitsa nyimbo zomwe munakula nazo, amalankhula ngati alaliki akale aja, amalonjeza kubwezeretsa mpingo woyambirira umene ena onse akuti anautaya, ndipo poti zikumveka ngati kwanu mumasiya kufufuza. Chinthu kukhala chakale sikuti nchoona, kukhala chatsopano sikutinso nchochokera kwa Mzimu, zonse ziyesedwe monga 1 Atesalonika 5:21 ikunenera.

Musapite nokha ndipo musagule tsiku lomwelo. Tengani makaniko wodziwa mtundu umenewo amene sakudyapo kanthu pa malondawo, jambulani manambala onse pa foni mukawafufuze modekha kunyumba. Akayamba zoti pali wina akubwera mawa ndi ndalama m'manja, kapena akukana kuti galimoto ikwezedwe muone pansi, mutsanzikeni. Ku zauzimu nchimodzimodzi, zoti perekani lero lomwe mwayi usakudutseni, kapena musauze abusa anu sangazimvetse, zikhale chenjezo kwa inu, kakambiraneni ndi mkhristu wokhwima amene amawerenga Baibulo lake.

Komanso abale tisamatche aliyense wabodza. Galimoto yomwe anaisintha kabuleta kapena mawilo ikadali yeniyeni, bola wogulitsa anene. Akhristu oona amasiyana pa zakudya, masiku, nyimbo ndi zina zotero, Aroma 14 ikukamba zimenezo ndipo siikutiuza kuti tithamangitsane. Palinso munthu amene akulakwitsa chifukwa sanaphunzire mokwanira, ngati Apolo pa Machitidwe 18:26, Priskila ndi Akula anamutengera pambali nkumufotokozera bwino ndipo anakhala wothandiza kwambiri mu mpingo. Nde mukapeza cholakwika pitani kwa munthuyo kaye Baibulo lili lotsegula, mumuonetse vesi ndi chaputala chake, mumve yankho lake mpaka amalize. Akavomera kuti muwerengere limodzi pitirizani naye. Akakwiya, nkuyamba kukuopsezani ndi matemberero kapena kunena kuti wodzozedwa safunsidwa, chitani zomwe Aroma 16:17 ikunena, mupatukeni, ndipo ena akakufunsani chifukwa chake muwaonetse mavesi omwewo kuti akawerenge okha.