Kusamba m'manja pochoka pa khanda lina kupita pa lina

Achemwali amene mwangoyamba unamwino m'chipinda cha makhanda kuno ku Angónia, ndikuuzeni mmene ine ndimachitira.

Musanalowe, vulani mphete, wotchi ndi zibangili, mikono ikhale pamtunda mpaka m'zigongono. Zikhadabo muwenge, ndipo zikhadabo zomata zija muzisungire ku ukwati, chifukwa pansi pake ndi pamene tizilombo timabisala.

Yambani ndi sopo ndi madzi oyenda, masekondi 40 mpaka 60. Mwezi wa Juni madzi a kuno ku Ulongwe amachita kuluma, munthu n'kufuna kungonyowetsa nsonga za zala. Pirirani. Tikitani zikhatho, kuseri kwake, mipata ya zala, nsonga zake, ndi chala chachikulu chimene ambiri timachiiwala. Pukutani ndi pepala kapena kansalu kogwiritsa ntchito kamodzi, osati thaulo lopachika pamsomali limene aliyense wapukutira. Mpopi ukauma, tengani ndowa ya kampopi, kapena mnzanu akuthirireni ndi kapu. Kuviika manja tonse m'beseni limodzi ngati pa nsima ya pamaliro, ayi.

Pochoka pa khanda lina kupita pa lina, manja akakhala opanda magazi kapena chimbudzi, pakani m'manja mankhwala ophera tizilombo a alcohol masekondi 20 mpaka 30, mudikire aume okha. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limatchula nthawi zisanu zoyeretsa m'manja: musanagwire mwana, musanabaye jakisoni kapena kuika diripi, mukakhudza zotuluka m'thupi, mukamaliza kumugwira, ndiponso mukagwira zomuzungulira. Yomalizayi ndiyo imatipulumuka. Kabedi ndi chitenje cha mayi timaziyesa zoyera.

Ndimalimbikira chonchi chifukwa cha Klebsiella. Kachilomboka kamakhala m'matumbo ndi m'malo achinyezi ngati m'sinki, ndipo kuti kafike pa mchombo wa khanda kamadalira manja athu. Khanda likadwala matenda a m'magazi timayamba ndi ampicillin ndi gentamicin, koma mitundu yambiri ya Klebsiella siimvanso mankhwalawa, ina ngakhale ceftriaxone. Otsala monga meropenem ndi odula, sapezeka wamba. Kamwana kobadwa masiku asanakwane, ka kilo imodzi ndi theka, sikadikira kuti mankhwala achite kufunidwa ku Tete.

Magolovesi, amene kuno timati maluva, anandipusitsapo. Usiku wina ndili ndekha, ndinasintha thewera la mwana wina, mnzake n'kuyamba kulira, ine n'kuthamangira kukakonza kachubu kake ka m'mphuno ndisanavule. Ndinazindikira nditagwira kale. Masiku atatu otsatira ndinkangoyang'ana kamwanako mtima uli m'mwamba. Choncho mwana aliyense magolovesi ake, ndipo mukavula musambebe, poti amabooka osaoneka.

Foni isatuluke m'thumba. Choyezera kutentha chipukuteni ndi alcohol musanachiike m'khwapa mwa mwana wina. Amayi ndi agogo odikirira odwala auzeni mwaulemu: "Amayi, tiyeni tisambe kaye, kenako mumunyamule." Ine ndimasamba nawo limodzi, ndipo sanandikanirepo.