Kuchepetsa mimba ndi kumanga minofu kuno ku chigwa, chitani chonchi

Achimwene mwafunsa kuti mutani kuti mimba ichepe koma minofu ikule, muli ku Nchalo ndipo jimu kulibe. Palibe vuto.

Choyamba kwerani pa sikelo mulembe. Ngati muli 80 kg mukufunika protein (chakudya chomanga thupi) pafupifupi 130 g patsiku, ndiye kuti 1.6 g pa kilo iliyonse. Dzira limodzi lili ndi 6 g basi ndiye musadalire mazira okha, onjezerani mlamba kapena makakana a ku Elephant Marsh, usipa, nandolo, nyemba, ma soya pieces.

Kenako nsima musaisiye, zoti muisiyiretu ndi bodza, ingochepetsani mitanda itatu ikhale iwiri masamba achuluke. Chimatinenepetsa kwenikweni ndi tiyi wa masupuni anayi a shuga, zakumwa zotsekemera komanso mowa wa pa weekend uja.

Masewero katatu pa sabata, Lolemba, Lachitatu, Lachisanu. Ma squat (kunjuta n'kuimiriranso), ma push-up, kudzikoka pa nthambi yolimba, kunyamula zigubu za madzi, cha malita 20 chimalemera 20 kg. Chilichonse maseti (magawo) 3, seti iliyonse kubwereza ka 8 mpaka 12, zikayamba kupepuka onjezerani kulemera, apo ayi minofu siikula. Ma sit-up okha sachotsa mafuta a pamimba.

Nthawi yake 5 koloko m'mawa kapena dzuwa litalowa, masana a Okutobala kuno mutha kukomoka ndithu, madzi pafupi.

Yezaninso sabata iliyonse, kutsika theka la kilo ndi bwino. Ngati muli ndi BP kapena shuga yambani mwaonana ndi adokotala.