Momwe mungapemphere zikalata za kafukufuku wa ngozi ya ndege ya asilikali

Kuno ku Ntcheu nkhani ya ngozi ya ndege yomwe inapha Dr Saulos Chilima, yemwe anali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko lino, sizilala msanga, poti manda awo ali pa Nsipe pompa. Ndegeyo, Dornier 228, inali ya asilikali a dziko lino a Malawi Defence Force (MDF), koma pa 10 June 2024 inanyamukira pabwalo la Kamuzu kulowera kubwalo la Mzuzu, onse mabwalo a anthu wamba, isanagwe m'nkhalango ya Chikangawa n'kupha anthu 9. Malamulo ofufuzira ngozi a ICAO, bungwe loona za maulendo a ndege za anthu wamba pa dziko lonse, sagwira ndege za asilikali, choncho boma likakhala chete, mwini dziko ayenera kufunsa yekha. Mphamvu yofunsira muli nayo: gawo 37 la malamulo aakulu a dziko, komanso lamulo la Access to Information lomwe linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020.

Yambani mwawerenga zomwe zinatuluka kale. Malipoti a BFU, bungwe la ku Germany lofufuza ngozi za ndege lomwe linafufuza ngoziyi, ali pa intaneti. Anapeza kuti ndegeyo inalibe makina ojambula mawu a oyendetsa, kuti batire la kachipangizo kolozera pomwe ndege yagwera linatha ntchito mu 2004, ndiponso kuti zomwe oyendetsa ankalankhulana ndi ku Lilongwe pawailesi sizinajambulidwe. Palinso lipoti la komiti ya Justice Jabbar Alide la December 2024, lomwe linati panalibe chiwembu.

Kenako sankhani chikalata chimodzi chomwe mukufuna. Apa m'pomwe ambiri amaphonya. Mukalemba kuti "tiuzeni chilungamo", adzakuyankhani ndi mawu okoma basi. Tchulani chinthu chogwirika: uthenga wa nyengo womwe oyendetsa anapatsidwa m'mawa umenewo, kaundula wa nthawi yomwe ndege inanyamuka, kapena ndondomeko ya zomwe boma lakonza pa zofooka zomwe BFU inatchula. Kwa ine chomalizachi ndiye chofunika koposa, chifukwa mabwalo omwewo akutumikirabe anthu lero.

Chachitatu, lunjikani pakhomo loyenera. Za kukonza ndege zili ndi asilikali, ndipo iwo akhoza kukana ponena za chitetezo cha dziko, zomwe lamulo limalola pa zinthu zina. Koma za nyengo zili ku nthambi ya zanyengo, za pabwalo zili ndi oyang'anira maulendo a ndege za anthu wamba. Kumeneko chifukwa cha chitetezo n'chovuta kuchiimika.

Lemberani ofisala wopereka uthenga wa ofesiyo. Ikani dzina lanu, keyala, nambala ya foni ndi tsiku. Pangani fotokope, ndipo mukakapereka onetsetsani kuti adinda chidindo cha tsiku pa pepala lanu lotsala. Musachoke popanda chidindocho. Ndicho umboni wanu. Amene satha kulemba akhoza kupempha pakamwa, ofisalayo n'kumulembera.

Werengani masiku 15 ogwira ntchito. Akakana, apereke zifukwa molemba, ndipo mukhoza kupempha kuti akupatseni mbali zomwe sizikhudza chitetezo. Akangokhala duu, lemberani mkulu wa ofesiyo kuti aunikenso. Zikakanikabe, kadandauleni ku Malawi Human Rights Commission, yomwe imayang'anira lamuloli, kenako ku High Court. Fotokope ina kaperekeni kwa phungu wa dera lanu kuti akafunse nduna m'Nyumba ya Malamulo, komwe yankho limalembedwa mu Hansard, kaundula wa zokambirana za m'Nyumbayo.