Kusiyanitsa Nyongolotsi za M'dimba

Achimwene a ku Mabvuku mu Harare, mwafunsa mmene mungasiyanitsire nyongolotsi za m'dimba lanu. Marcel Bouché, katswiri wa nyongolotsi wa ku France, anazigawa m'magulu atatu m'ma 1970. Kuti muzione, dikirani mvula ya Disembala, nthaka ifewe.

Choyamba, vundukulani masamba owola ndi manyowa. Zazing'ono zofiira ndi epigeic: sizikumba kwenikweni, zimangodya zinyalala. Za kompositi ndi zimenezi.

Kenako kumbani ndi khasu masentimita 30, nyenyani dothilo ndi manja. Zotuwa, zoyenda mwaulesi, ndi endogeic. Zimadya dothi, njira zake zimapita cham'mbali, ndipo zimafewetsa katondo wathu wa mu Harare.

Zazikulu zamutu wakuda ndi anecic. Una wake umatsika mita kapena kupitirira; usiku zimakokeramo masamba, madzi amvula n'kumalowera momwemo. Mukazipeza, chonde musalime mozama pamenepo.

Mukatha zibwezereni n'kukwirira msanga, dzuwa limazipha.