Mmene Mungaitanitsire ndi Kugulitsira Tiyi Wakuda Kumsika Wakunja

Munthu amene akufuna kuitanitsa tiyi wakuda kuti akagulitse m'dziko lina ayenera kuyamba wadziwa mmene anthu a kumeneko amamwera tiyi, asanayambe kufunafuna kumene angamupeze motchipa. Tiyi yense amachokera ku chomera chimodzi chotchedwa Camellia sinensis, koma kakonzedwe kake kamasiyana. Pali tiyi wa CTC, amene makina amaphwanya masamba ake, kuwang'amba ndi kuwapota mpaka asanduke timibulu, ndipo ameneyu sachedwa kufiira m'madzi komanso amagwirizana ndi mkaka. Palinso tiyi wa orthodox, amene masamba ake amangopotedwa osaphwanyidwa kwambiri, ndipo amakondedwa chifukwa cha fungo lake. Ku Britain anthu ambiri amamwa tiyi wa m'timatumba wothira mkaka, choncho CTC ndi amene amayenda malonda, pamene ku Russia ndi ku Iraq amagula kwambiri orthodox wa ku Sri Lanka.

Mukadziwa mtundu umene mukufuna, funsani kumene umapezeka. Tiyi wambiri amagulitsidwa pa okushoni, ndipo misika ikuluikulu ili ku Mombasa, ku Colombo ndi ku Kolkata, popeza wa ku London unatsekedwa mu 1998. Wa ku Mombasa umayendetsedwa ndi bungwe la East African Tea Trade Association, ndipo ogula pamenepo ndi makampani olembetsedwa, kotero kuti munthu wongoyamba kumene amafunika kudzera kwa mmodzi wa iwo kapena kukambirana ndi fakitale mwachindunji. Mudzakumana ndi magiredi ngati BP1, PF1 ndi PD, koma dziwani kuti zilembo zimenezi zimangonena kukula kwa tizidutswa ta masamba. Kukoma kwake sizinena, ndipo PF1 wa mafakitale awiri angathe kusiyana kutalitali.

N'chifukwa chake ndikupempha kuti musatumize ndalama musanalawe sampulo, ndipo muilawe motsatira njira yodziwika ya ISO 3103. Mumayeza magalamu 2 a tiyi pa mamililita 100 aliwonse a madzi, n'kuthira madzi owira m'kapu yoyera yokhala ndi chivundikiro, n'kudikira mphindi 6. Kenako mumatsanulira tiyiyo m'mbale yoyera, masamba onyowawo n'kuwaika pachivundikiro kuti muone maonekedwe ake ndi kuwanunkhiza. Akatswiri amatunga ndi supuni n'kukoka tiyiyo mwamphamvu kuti afike paliponse m'kamwa, kenako n'kulavula. Chimene anthu amaiwala kawirikawiri ndi madzi. Tiyi amene anali wowala ndi wokoma pomulawa kufakitale angathe kuoneka wothimbirira, wokhala ndi kakhungu koyandama pamwamba, akaphikidwa ndi madzi a laimu wambiri ngati a ku London. Kwa ine iyi ndiye mfundo yaikulu pa bizinesi yonseyi: lawani sampulo ndi madzi a mumzinda umene mukagulitsemo, ndipo ngati anthu a kumeneko amathira mkaka, inunso thirani. Sungani theka la sampuloyo m'kachitini kotsekeka bwino, chifukwa katundu akadzafika wosiyana ndi zimene munagwirizana, umboni wanu udzakhala umenewo.

Mapepala nawonso ayenera kukonzedwa katundu asanakwere sitima. Ku kasitomu tiyi ali pa nambala 0902, ndipo wakuda amagawidwa pawiri: 0902.30 ndi wa m'mapaketi osapitirira makilogalamu 3, pamene 0902.40 ndi wa m'matumba akuluakulu. Ku European Union tiyi wakuda salipiridwa msonkho wa kasitomu, koma mayiko ena amaika msonkho wokwera pa wa m'mapaketi pofuna kuti ntchito yopakira ichitikire kwawo, choncho fufuzani zimenezi musanasankhe kumene mukapakire.

Chimene chimabweza katundu padoko nthawi zambiri ndi zotsalira za mankhwala. Ku European Union malire ake ali mu lamulo la 396/2005, ndipo ena ndi otsika kwambiri. Mwachitsanzo anthraquinone, amene angalowe m'tiyi kudzera mu utsi pomuumitsa, sayenera kupitirira mamiligalamu 0.02 pa kilogalamu. Musadalire mawu a wogulitsa okha, ngakhale atakhala munthu wokhulupirika. Tumizani sampulo ya katundu yemweyo ku labotale yovomerezeka, ndipo zilembedwe m'mgwirizano kuti tiyi akalephera mayeso simulipira. Ku United States fakitale iyenera kukhala yolembetsedwa ku FDA, bungwe la boma loona za chakudya ndi mankhwala, ndipo bungweli liyenera kudziwitsidwa katundu asanafike.

Pa zonyamula, mvetsetsani mawu awiri a pamgwirizano. FOB imatanthauza kuti udindo wa wogulitsa umathera pamene katundu wakwezedwa m'sitima, pamene pa CIF iye amalipira mayendedwe ndi inshulansi mpaka kudoko lanu, ngakhale kuti ngozi ya panjira imakhalabe yanu. Tiyi amakoka chinyezi ndi fungo mofulumira kwambiri, moti kontena imene inanyamulapo sopo kapena zokometsera zakudya ingathe kuononga katundu yense. Uzani wotumiza kuti kontena ikhale youma ndi yosanunkha, ndiponso kuti matumba akhale a mapepala angapo okhala ndi kapepala kopyapyala ka aluminiyamu mkati mwake.

Pofika popakira, lebulo ilembedwe m'chinenero chimene dzikolo limafuna, ionetse kulemera kwa tiyi, tsiku loyenera kumwa lisanadutse, ndi dzina la kampani yanu. Samalani ndi mayina otetezedwa. Dzina la Darjeeling, la tiyi wolimidwa kudera la Darjeeling ku India, linatetezedwa ku European Union mu 2011, ndipo chizindikiro cha mkango cha Sri Lanka Tea Board chimaloledwa pa tiyi wa ku Sri Lanka wosasakaniza, wopakiridwa komweko. Masitolo akuluakulu ambiri amafunsanso satifiketi ya Rainforest Alliance kapena Fairtrade, mabungwe otsimikizira kuti tiyi analimidwa mosamalira chilengedwe ndi alimi, asanakupatseni malo pa shelefu.

Ndikulangiza kuti muyambe ndi masitolo ang'onoang'ono, malo omwera tiyi ndi malonda a pa intaneti, chifukwa masitolo akuluakulu amachedwa kulipira ndipo mpamba wa munthu wongoyamba sungapirire miyezi yodikira. Wogula akakonda paketi yoyamba amayembekezera kuti yachiwiri ikoma chimodzimodzi, koma tiyi amasintha malinga ndi mvula ndi nyengo yothyolera. Makampani akuluakulu amathana ndi vutoli posakaniza tiyi wa minda yosiyanasiyana, ndipo inunso mufunika kukhala ndi ogulitsa awiri kapena atatu, n'kumayerekezera katundu aliyense watsopano ndi sampulo ija munasunga m'chitini musanamupakire.