Kaonedwe kake ngati banki yanu ili pabwino kapena ayi

Mabanki akatulutsa malipoti awo apachaka mu Nation kapena Daily Times, ambirife timangoona phindu la mabiliyoni basi nkupitirira. Komatu phindu lokha silikuuzani ngati ndalama zanu zili pabwino.

Yambani ndi ngongole zosabwezedwa, zija amazitchula ma NPL. Izi ndi zomwe zinagwetsa Malawi Savings Bank (MSB), banki ya boma ija, anthu anatenga ngongole osabweza mpaka boma linasenza ngongole zoipa za pafupifupi K6 biliyoni, banki nkugulitsidwa ku FDH mu 2015. Nambala ya ma NPL ikamakwera chaka ndi chaka musaitenge mwachibwana. Kenako onani kapito, mpamba wa eni ake a banki, Reserve Bank imafuna usatsike pa 15% ya zomwe banki yaika pachiswe.

Koma funso lenileni nali: ndalama mwasungitsazo anabwereketsa ndani? Pezani mzere wa ma treasury bills ndi ma notes, mapepala omwe boma limakongolera ndalama, mudabwa. Mabanki athu ambiri akudyera mbale imodzi, kubwereketsa boma, poti chiwongola dzanja chake nchonona ndipo boma amati silithawa. Ndiye banki iliyonse payokha imaoneka yathanzi koma onse akongoza munthu mmodzi yemweyo, tsiku lomwe boma lidzalephere kubweza sidzalira banki imodzi ayi, adzalira onse nthawi imodzi. Ku Ghana zinachitika, kumapeto kwa 2022 boma linauza omwe linawakongola kuti asinthe mabondi awo, mapepala a ngongole za bomawo, ndi ena olipira mochedwa, mabanki ambiri anatseka chakacho ndi ma loss.

Muziyang'ananso kunja kwa banki. Kwacha inagwa ndi 25% mu Meyi 2022, kenako 44% mu Novembala 2023, ndipo wabizinezi wooda katundu kunja amene anali ndi ngongole ya madola anangodzuka ngongole yake itafufuma. Polise reti, chiwongola dzanja chomwe Reserve Bank imabwereketsera mabanki, itafika 26% mu 2024 obweza ngongole anathinanso. Onjezani chilala, alimi ndi makampani ogula mbewu nawo amabweza movutikira, ma NPL aja amakwera mmabanki onse pamodzi.

Nanga inu mutani? Deposit Insurance Corporation, yomwe inayamba ntchito mu 2023, imateteza ndalama zomwe mwasungitsa banki ikagwa, mpaka K3 miliyoni pa munthu mmodzi pa banki iliyonse. Ngati muli ndi zoposa pamenepo gawani mmabanki awiri atatu, ndipo posankha yachiwiriyo muone kuti isakhale yodalira ngongole za boma ngati yoyambayo.