Mmene mungakonzekerere ulendo wa tsiku limodzi ku Lake Malawi National Park

Malo osungirako zachilengedwe a Lake Malawi National Park ali ku Cape Maclear m'boma la Mangochi. Anakhazikitsidwa mu 1980 pofuna kuteteza nsomba za m'nyanja, makamaka mbuna, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Pochokera ku Mangochi mumakhotera kumanzere musanafike ku Monkey Bay, n'kutsata msewu wodutsa m'mapiri mpaka kumudzi wa Chembe.

Lawirirani m'mamawa, chifukwa nthawi zambiri nyanja imakhala yabata dzuwa lisanakwere. Tengani ndalama zolipirira pachipata pamodzi ndi chiphaso cha unzika, popeza Amalawi amalipira zochepa poyerekeza ndi alendo akunja. Kamba ndi madzi akumwa muchoke nazo kunyumba kapena mugule ku Chembe, koma muziike m'chikwama chotseka bwino, pakuti anyani a kumeneko anazolowera anthu ndipo sachedwa kutsomphola chakudya chosiyidwa pamwala. Musawapatse kanthu, ngakhale ana atakuchondererani.

Amene sakufuna kukwera boti ayende wapansi mpaka ku Otter Point, kumene madzi ndi oyera moti munthu ataima pathanthwe amaona mbuna zabuluu ndi zachikasu zikudya ndere pamiyala. Kukongola kwenikweni kwa malowa kuli pansi pa madzi, choncho magalasi osambirira ndi ofunika kuposa china chilichonse chimene mungabwereke. Ngati mukupita kuchilumba cha Thumbi, gwirizanani mtengo ndi mwini boti musanakwere, ndipo musalole kunyamuka popanda majekete oyandamitsa okwanira aliyense, makamaka ana. Kuwedza n'koletsedwa m'madzi a pakiyi, omwe amafika mamita 100 kuchokera pagombe, ndipo mapepala apulasitiki ndi mabotolo muyenera kubwerera nazo.

Nkhani ya likodzo musaitenge mopepuka. Pewani kusamba m'madzi osaya a pafupi ndi mudzi ndiponso m'mabango, kumene nkhono zofalitsa matendawa zimaswana, ndipo pakapita masabata angapo mutabwerako, pitani kuchipatala mukafunse za mankhwala a praziquantel.

Dzuwa likapendeka, dzerani kumanda a amishoni a ku Scotland, omwe anayambitsa mishoni ya Livingstonia pamalo ano mu 1875 asanasamukire ku Bandawe chifukwa cha malungo. Nyamukani kusanade, chifukwa msewu wa m'mapiri uja ndi wokhotakhota.